Kabokosi Kosunga Lachisanu

Aliyense wonena kuti msuweni wanga Marvellous ndi waulesi abwere adzanenere pano pa siteji ya basi ku Samanga, pamene ndimagulitsira nthochi. Ndimuyankha pagulu.

Marvellous anabadwira mukomboni ya pa esiteti ya tiyi kuno ku Honde, m'dziko la Zimbabwe. Bambo ake anachokera ku Mulanje, anathyola tiyi mpaka kumwalira, ndipo kwawoko palibe amene amawadziwa. Choncho nyumba ya kampani imene amakhalamo ndi amayi ake, mai Agripina, ndiyo mudzi wawo wonse. Ntchito ikatha, nyumbanso yapita.

Sukulu anaisiya pakati n'kuyamba kumasula mawailesi a anthu. Ena ankalankhulanso, ena ayi. Kenako mafoni. Pamene esiteti inadzala timabokosi toyeza chinyontho m'minda, amene anabweretsa timabokosito anabwerera ku Harare, ntchito yonse n'kutsalira iye.

Kabokosi kalikonse n'kochepa ngati sopo. Kamagona pafupifupi tsiku lonse kuti batire ikhalitse. Kakadzuka kamayeza nthaka, kunong'oneza kanzake kapafupi, n'kugonanso, uthenga n'kumapatsirana choncho mpaka ku ofesi. Pulogalamu yoyendetsa timabokosito akuti Contiki. Ndi yaulere, ndipo aliyense akhoza kuitsegula n'kusintha m'kati. Marvellous anaiphunzira pafoni yosweka galasi.

Chilimwe chathachi, minda yonse ya kuseri kwa phiri inayamba kukhala chete Lachisanu lililonse, uthenga osafika ku ofesi. Loweruka bwinobwino. Manijala anamuitana.

"Zaulere ndi choncho," anatero manijala. "Zikadzachitikanso, ndiitana kampani idzaike zake. Iwe sudzafunika."

Ine nditamva ndinafuna kupita ku ofesiko ndi mkoko wa nthochi m'manja. Marvellous anandigwira malaya.

"Khala pansi, iwe. Tiye kuphiri Lachisanu."

Pamwamba pa phiripo pali mtengo umene anamangirirapo kabokosi kolandira mauthenga a kuseri konse. Pansi pa mtengo womwewo ndi pamasowe, pamene a mpingo wa zovala zoyera amapempherera Lachisanu lililonse. Lamulo lawo mukulidziwa: nsapato ndi mafoni zimatsala kunja. Tinafika m'mawa, n'kupeza nsapato zili mulu kumunsi kwa thanthwe. Pakati pake, chokulungidwa bwino m'nsalu yoyera, kabokosi kapamtengo kaja.

Ndinakuwa. "Ndani wachita uchitsiru umenewu?"

"Ndine," anatero mai Agripina, akutsika opanda nsapato. "Ukufuna chiyani, mwana wa achimwene?"

Ndinati palibe, azakhali, ndimangofunsa.

Marvellous anagwada n'kuwafotokozera za manijala ndi za nyumba. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Unandiuza wekha kuti kamalankhula ngati foni. Madzulo ndimakabwezera pamalo pake. Ndinakaswapo?"

"Ayi, amayi."

"Nanga?"

Nkhani inafika kwa mkulu wa mpingo, madzibaba Ezekieli. Anakatembenuza kabokosiko uku ndi uku, nakaika kukhutu.

"Chinthu cholankhula ndi kunja sichikhala pamalo oyera," anatero.

"Nanga chikamagona, baba?" anafunsa Marvellous.

Madzibaba anayang'ana amuna a mzere wakumbuyo nthawi yaitali ndithu.

"Ogona tili nawo kale. Sitinathamangitsepo aliyense."

Sabata imeneyo Marvellous sanaoneke pa siteji. Anatsegula pulogalamu ija n'kuilembanso: Lachisanu kapamtengo kazigona osadzuka mpaka dzuwa litalowa, ta kuseri tiziyeza n'kusunga, tidzatumize zonse madzulo. Anayenda munda ndi munda ndi chingwe, kuthira zatsopanozo m'kabokosi kalikonse. Ndinamunyamulira makwerero, ndikutukwana njira yonse.

Manijala sanakondwere. Anati akufuna kudziwa za chinyontho Lachisanu masana. Marvellous anamufunsa mwaulemu kuti Lachisanu masana amathirira minda ndani. Manijala anayang'ana pawindo. Othirira ake ambiri anali kuphiri, atavala zoyera.

Kampani ija sinaitanidwe. Marvellous akadali m'nyumba yomweyo, ndipo denga likudonthabe pakona pomwe lakhala likudontha.

Mai Agripina sakhulupirira zinthu msanga. Lachisanu lililonse asanayambe nyimbo amaimirira pansi pa mtengowo, khutu m'mwamba. Akakhutira kuti kali chete, amakafunditsa kansalu koyera n'kupita kukakhala pamzere wa madzimai.