Kapoto ka Munthu Mmodzi

Kumsika kunkamveka manong'onong'o akuti a Nyundo, mkulu wokhoma mapoto uja, amagulitsa mankhwala achikondi kuseri kwa shedi yawo. Zinkamveka ngati zoona ndithu, chifukwa amayi amasiye ndi madoda othawidwa ankazemberako mmodzimmodzi, n'kutulukako atapanira kukhwapa kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

A Nyundo ankawadziwa bwino makasitomala awo. Walesitilanti amafuna chipoto cholimba, mayi wa ana asanu ndi awiri amafuna chachikulu koma chotchipa, mkwatibwi amangofuna chowala. Mtundu wachinayi anaudziwa akazi awo atamwalira. Ankaphikabe m'poto wa banja lonse, chakudya n'kumatsala mpaka kusasa. Ndiye anakhoma kapoto kakang'ono, chivundikiro chake n'kukhalanso mbale. Atakaika poyera, sabata yonse palibe anakakhudza. Ndani angafune kuti msika wonse udziwe kuti amadya yekha? Atakasamutsira kuseri, malonda anayamba kuyenda.

Mphekesera zija zitamupeza mlamu wawo wamkazi, anabwera ali wefuwefu.

"Alamu, mchemwali wanga sanathe n'chaka chomwe m'manda, inu mwayamba using'anga? Akomiti akuti akuchotsani pamsika pano!"

"Pitani kuseriko mukaone nokha," anatero a Nyundo osasiya kukhoma. "Mtengo ndikutsitsirani, poti nanunso bambo akunyumba aja anapita kukagula ndudu chaka chatha, mpaka lero sanabwerere."

Mlamu uja anakhalitsa kuseriko. Potuluka, nayenso anali atapanira kanthu kukhwapa, maso ali pansi.

Mankhwala kunalibe. A Nyundo ankagulitsa timapoto basi.