Dalaivala ndi Phiri Losamva za Komiti

Chiphatikizireni mayunivesite athu awiri, akuluakulu amati ndife banja limodzi, ndipo analemba kuti kuchoka kusukulu ya kumtunda kukafika ya kudoko ndi mphindi khumi. Dalaivala wa basi ya ophunzira satsutsa. Amavala magolovesi oyera, amaweramira aliyense wokwera, kenaka amazungulira phiri lomwe lili pakati pa sukulu ziwirizi mphindi makumi anayi. "Phirili kumsonkhano wa akuluakuluwo kunalibe," amatero.

M'thumba mwake simusowa timapepala ta umboni woti basi yachedwa, tonga tomwe amapereka kwa okwera sitima ikachedwa.

Tsiku lina wophunzira wina, Chizuru, anatsika nkhope ili yakugwa. Kulembedwanso kamodzi kuti wachedwa, chaka akanabwereza.

"Bambo, aphunzitsi akuti timapepala tanuti atopa nato. Akufuna chifukwa chenicheni."

"Chenicheni? Taima pomwepo, mwanawe."

Analemba mosamala n'kudinda chidindo chake: "Chochedwetsa: phiri. Lakana kuphatikizidwa."

Mphunzitsiyo, yemwe naye amazungulira phiri lomwelo, anamulemba Chizuru kuti wafika bwino, kapepalako n'kukatula kwa akuluakulu. Iwo anakhazikitsa komiti yoona za phirilo. Imakumana kudoko, ndipo mpaka lero sinayambepo msonkhano pa nthawi yake.