Kompyuta imene inandisenzera mlandu

Ndinakwatira ku Ngala, ndipo monga mkamwini aliyense ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Akamwini anzanga ankapatsidwa khasu kapena nkhafi. Ine anandipatsa mabuku a ndalama, chifukwa mbiri inali itafika kale yoti ndinaphunzira za akaunti ku Lilongwe. Zoona zake n'zakuti ndinangophunzira miyezi yowerengeka, mwini sukulu n'kuthawa ndi fizi yathu. Koma panalibe amene anandifunsa, ndiye nanenso ndinangoti phee.

Apongozi anga aakazi anali mayi wamasiye wochokera ku boma ku Nkhotakota. Anayamba ndi kuyanika usipa n'kumakagulitsa pa Dwangwa, ndipo usipa womwewo ndi umene unamanga tizipinda togona alendo m'mbali mwa nyanja. Sukulu sanaipondeko. Ndalama imene ankaikhulupirira ndi imene aigwira ndi zala zawo, kuinyowetsa ndi malovu, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Zina zonse ankati ndi nkhambakamwa.

Ine ndi iwo sitinkalankhulana. Sikuti tinayambana ayi, ndi mwambo chabe. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso ndipo salankhula nawo mwachindunji. Tikakumanizana panjira ndinkapatukira m'munda wa chinangwa n'kunjuta mpaka adutse, moti chinangwa cha ku Ngala ndinkachidziwa phata lililonse. Mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga, amene ankawasefa momwe wafunira. Apongozi akati, "Kamuuze mwamuna wakoyo kuti ndi waulesi," kwa ine ankafika akuti, "Amayi akuti mwadzuka bwanji."

Zinali zaka zomalizira za chipani chimodzi. Alendo athu ambiri anali azungu ogwira ntchito ku esiteti ya nzimbe, amene ankabwera Loweruka kudzaotcha misana padzuwa. Ena mwa iwo sankayenda ndi ndalama. Ankatulutsa kakhadi ka pulasitiki, ndipo banki inatipatsa kachitsulo kopalira makhadiwo. Umaika khadi pansi, kapepala ka kaboni pamwamba, n'kukoka chogwirira kuti khwee, mlendo n'kusaina. Apongozi anakakonda kachitsuloko moti palibe wina ankakagwira. Manambala ankalemba yekha mlendo, iwo n'kukoka, timapepala n'kusunga m'chikwama chawo. Tikachuluka ankapita nato okha kubanki. Ine ndinkangoona mabilu a alendo, ndi sitetimenti ya banki ikabwera.

Kompyuta inabwera ndi mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Anali ndi bilu yaikulu, ndiye m'malo molipira anasiya chibokosi choyera chokhala ndi pulogalamu yowerengera ndalama. Anandiphunzitsa masana amodzi, akutuluka thukuta, n'kumapita. Ndinaikonda kompyuta imeneyo, sindibisa. M'dera lonselo panalibe mkamwini wina wokhala ndi chinthu chotero. Ndinkaipukuta ndi mpango wanga wa m'thumba, ndipo ndinaiika pansi ndithu pa chithunzi cha pulezidenti chija chimene chinkayenera kukhala pamwamba pa china chilichonse m'ofesi.

Achinyamata a chipani atamva, anabwera kudzaiona. Anaizungulira, mmodzi n'kufunsa ngati ili ndi khadi la umembala, popeza akuti imaganiza ngati munthu. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena ayi, masiku amenewo sunkafunsa. Apongozi anamasula chitenje n'kuigulira khadi, ndipo tinalimata pambali pake. Kuyambira tsiku limenelo ankaitchula kuti a membala.

Apa ndi pamene apongozi anatulukira nzeru. Popeza a membala anali munthu wa khadi lake, akanatha kutumidwa mawu. Mkazi wanga ntchito inamuthera. Apongozi ankaima pakhomo la ofesi, nkhope ataloza kunyanja, n'kunena kuti, "A membala, auzeni anzanuwo kuti jenereta ikumwa petulo ngati chidakwa." Ine ndinkayang'ana kompyuta n'kuyankha kuti, "A membala, auzeni amayi kuti tatsala pang'ono kuzimitsa." A membala sankasefa mawu ngati mkazi wanga. Ndinayamba kumva ndi makutu anga zimene apongozi ankandiganizira, ndipo zambiri sizinali zoti mwadzuka bwanji.

Ntchito yovuta inali ya kumapeto kwa mwezi. Pulogalamu ija inkafuna kuti ndalama zolembedwa pa mabilu a alendo olipira pa khadi zifanane ndi zimene banki yanena kuti yalandira. Zikasiyana, ngakhale ndi tambala, inkakana kutseka mwezi n'kumalira kuti pii. Mwezi woyamba zinasiyana pang'ono, ndipo ndinapeza kuti banki imadulapo kake pa khadi lililonse. Nditawauza kudzera mwa a membala, apongozi anati sanaonepo wogula wodziikira yekha basela. Anatukwana banki mpaka nthawi ya swala ku mzikiti, koma nkhani inathera pomwepo.

Kenaka panayambika zina. Sitetimenti inayamba kubwera ndi ndalama zochuluka kuposa za pa mabilu. Nthawi yomweyo, m'bokosi la ndalama za m'manja, zimene alendo ena ankalipira, munayamba kuperewera. Kuno zasefukira, uku zaphwa. Ndinabwereza kuwonkhetsa, ndinalowetsanso bilu iliyonse, a membala ali pii, pii, ngati mwanapiye wotayika.

Bokosilo linali ndi makiyi awiri. Imodzi inali pa chingwe m'khosi mwa apongozi, inayo m'thumba mwanga. Simufunika kupita ku Lilongwe kuti muone kumene nkhani inkalowera.

"A membala," anatero apongozi m'mawa wina, "afunseni anzanuwo ngati ndalama zanga zamera miyendo."

"A membala, auzeni amayi kuti kubanki kuli ndalama zoposa zimene timayembekezera."

"A membala, auzeni kuti zochuluka kubanki ndi mwayi wanga. Zoperewera m'bokosi ndi wakuba. Asasakanize."

Ndinaseka nditatsala ndekha, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Mkamwini wotchedwa wakuba samukoka khutu ayi. Amamupatsa mphasa yake n'kumuloza msewu. Mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo mwanayo akanatsala komweko kwa amayi ake. Ndinkamukonda mkazi wanga, ndipo sindinkafuna kukamva za kubadwa kwa mwana wanga kwa anthu a pa basi.

Chimene chinkachitika ndinachiona Loweruka lina masana, ndili pawindo la ofesi kudikira kuti jenereta ilire. Mzungu wina wamimba yaikulu, amene ankabwera kawirikawiri, anali akuchoka. Kugombe kunali asodzi ndi chambo chongovuulidwa kumene, iye akuchifuna koma m'thumba mulibe kanthu. Anapita kwa apongozi, anakambirana ndi manja, iye n'kulemba pa kapepala ka kaboni ndalama zoposa bilu yake. Apongozi anakoka kachitsulo kuti khwee, anatsegula bokosi ndi kiyi ya m'khosi, n'kumuwerengera zapamwambazo m'manja. Mzungu anakagula chambo chake. Apongozi anamukwezera dzanja akumwetulira, atathandiza mlendo monga ankachitira moyo wawo wonse. M'mutu mwawo sanatenge ndalama m'bokosi. Anangosinthitsa, ngati munthu wopereka chenji. Tsiku lowerenga za m'bokosi likamafika, zimenezi zinali zitaiwalika kalekale.

Ndinathamangira kwa mkazi wanga, ndinamupeza akusenda chinangwa choviika. Ndinamufotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti adumpha ndi chimwemwe.

"Ndiye mukufuna ine ndikanene kuti amayi akudzibera okha?" anandifunsa, mpeni uli m'manja.

"Sikuba. Ndalamazo zili kubanki."

"Mukawauze nokha."

"Ine ndingawauze bwanji?"

"Muli ndi anzanu aja a khadi," anatero, n'kupitiriza kusenda. Anaseka, koma ndinaona kuti maso ake afiira.

Ndinayesa kangapo. Apongozi akaima pakhomo ndinkatsegula pakamwa, koma n'kungonena za jenereta. Kutuma a membala kuti jenereta izima posachedwa ndi nkhani ina. Kuwatuma kuti mayi amene anamanga malo onsewa ndi usipa, amene ankadzitama kuti tambala sinawasowepo, ndi amene akusokoneza ndalama zawo zomwe, imeneyo ndi ina. Ndikuzengereza choncho, apongozi anaitanitsa ankhoswe.

Tinakhala pakhonde la ofesi dzuwa litakwera. Atsibweni a mkazi wanga anabwera kuchokera ku Bua atavala mkanjo woyera, nkhoswe yanga inafika pa njinga yobwereka. Apongozi anakhala pamkeka chakumbali ndi mkazi wanga, atandifulatira. Popeza a membala ndi amene ankadziwa nkhani yonse, atsibweni analamula kuti nawonso akhalepo, ndiye tinatsegula chitseko kuti azimva. Jenereta tinailiza, petulo wake wa apongozi omwewo.

Atsibweni analongosola bwinobwino. Makiyi ndi awiri, ndalama zikusowa, mlongo wawo sangadzibere yekha. Kenaka anati ndiyankhe.

Ndikanatha kunena mwachidule kuti ndinaona ndi maso anga. Ndikanapambana mlandu pomwepo, apongozi n'kuchita manyazi pamaso pa mlongo wawo, mwana wawo ndi mlendo wa pa njinga. Ndinkadziwanso kuti mkamwini wopambana apongozi pabwalo sakhalitsa pamudzi. Mlandu wotsatira ukanakhala wa nkhuku kapena wa moni, koma ukanabwera ndithu.

Ndinatembenukira kwa kompyuta yanga. Inali itayera bwino, ndinali nditaipukuta m'mawa womwewo.

"Wolakwa ndi a membala," ndinatero. "Ine ndawapeza kuti ali ndi chilema. Saona. Mlendo akasowa ndalama yogulira nsomba, mwini malo n'kumuchitira chifundo, kumupatsa za m'bokosi kuti abweze kudzera pa khadi, iwowa sazindikira kuti ndi chifundo. Amangoona kuti m'bokosi mwachepa, kubanki kwachuluka, basi n'kuyamba kulira. Popanda wowanong'oneza kuti lero tathandiza mlendo ndi zakuti, amaika anthu m'mavuto. Ndalama sinasowe ngakhale imodzi. Ndi umbuli wa makinawa."

Nkhoswe yanga, imene sinamve kalikonse, inagwedeza mutu mwanzeru. Atsibweni anayang'ana mlongo wawo. Ine sindikanatha kuwayang'ana apongozi kumaso, koma ndinaona dzanja lawo likupita pakhosi n'kugwira kiyi ija. Linakhala pomwepo nthawi yaitali.

"Ndinkadziwa ine," anatero apongozi pamapeto pake, mawu ali pansi. "Chinthu chobwera m'malo mwa ngongole sichingakhale chabwino. Chichoke pakhomo panga."

Atsibweni anavomereza msangamsanga, mwina anali atamva zambiri kuposa zimene anaonetsa. Mlandu unatha. Wosudzulidwa anali a membala.

Zinandipweteka, ndisaname. Ndinayembekeza kuti aidzudzula chabe, osati kuithamangitsa. Anaigulitsa kwa kalaliki wina wa pa Dwangwa pamtengo wa mbuzi, ndipo ndinainyamula ndekha pamutu mpaka kumsewu, khadi lake lili chimatire pambali. Ndinabwerera ku mabuku a pamanja ndi bolopeni yotafunidwa. Mkazi wanga anandiphikira chambo madzulo ake, mutu wonse n'kundiikira ine.

Vuto linatsala limodzi. Mkhalapakati anali atapita, ndipo mkazi wanga anakana kubwerera pa ntchito yake yakale, ati mimba yakula, sangamayendeyende ndi mawu a anthu akuluakulu.

Loweruka lotsatira ndinali m'ofesi, ndikuyang'ana malo oyera patebulo pamene pankakhala a membala. Ndinamva kachitsulo kaja kuti khwee, kenaka bokosi kutseguka, kenaka mapazi. Apongozi anaima pakhomo monga mwa masiku onse, nkhope kunyanja. Anatsokomola. Anayang'ana patebulo, panalibe womutuma. Anatsokomolanso.

"Bambo," anatero, "mzungu uja ndamupatsa fifite. Lembani."

Amenewo anali mawu oyamba amene apongozi anga anandilankhula ine mwini. Ndinalemba, koma ndinalakwitsa mzere.