Anati Ndawasempha, Pomwe Impso Inali Kufa

Chizindikiro choyamba ndinachiona nyengo yozizira chaka chatha. Amuna anga, bambo a Tiya, anayamba kutsika minibasi ya ku Chirimba atagwira m'mphechepeche, ngati munthu wobisa chinthu m'thumba. Kumanja kunali chotupa. Akagona chimabwerera mkati, akatsokomola chimatuluka. Nditafunsa, anandiyankha kuti matenda a amuna sakamba ndi mkazi.

Anakakamba ndi anzawo a pa bawo. Madokotala a pansi pa mtengowo anagamula kuti ndi phudzi wamba, nawapatsa chubu cha njinga kuti azimanga m'chiuno pofuna kuchikanikiza. Kalaliki wa mu ofesi ya m'tauni, tayi pakhosi, chubu mkati mwa buluku. Ndinkachita kuchichapa ine chubucho.

Mvula itayamba, msana unayamba kuwawa mbali yomweyo, mkodzo unachepa, ndipo mapazi anatupa mpaka nsapato kukana. Apa m'pamene anatulukira alamu anga, a Esinati, achemwali awo a bambowa, ochokera ku mpanda wawo wa ku Namiwawa. Anayang'ana mapaziwo, kenako anayang'ana ine. Kwa iwo nkhani inali itatha: linali tsempho, matenda amene amati mwamuna amatupa nawo mkazi wake akayenda ndi wina n'kumathira mchere m'ndiwo. Anandiletsa kugwira mchere m'nyumba mwanga momwe, nayamba kutumiza ndiwo pa galimoto pamodzi ndi mabotolo a mizu ogula ku Limbe. Mayi wake ndi yemweyu amene Lachinayi amavala yunifolomu yoyera ya kutchalitchi n'kumalalikira kuti zamakolo n'zamdima.

Zinandiwawa, sindinama. Ndakhala pabanja zaka zoposa makumi awiri, lero ndizitchedwa woyendayenda chifukwa cha mapazi! Bambowo sananditeteze. Ankangomwa mizuyo, maso ali pansi.

Tsiku lina m'mawa anadzuka thupi likutentha, akusanza. Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinaitana takisi n'kupita nawo kuchipatala chachikulu.

Tinakhala pabenchi mpaka masana. Dokotala atagwira chotupacho ananena kuti ndi heniya, kutanthauza kuti khoma la mimba lafooka ndipo zamkati zikutulukira pamenepo. Koma mapazi ndi msanawo sizinamusangalatse. Anayeza magazi, natitumiza kukajambula. Chithunzi chinaonetsa impso yakumanja itafufuma ndi mkodzo. Anatigoneka, ndipo tinadikira masiku angapo kuti apite pa makina aakulu ojambulira. Ine ndinkagona pansi pambali pa bedi, kutuluka akamakolopa, kubwereranso ndi phala.

Zotsatira zitabwera, dokotala anajambula pa pepala. "Mayi, aka ndi kapaipi kotenga mkodzo kuchoka ku impso kupita m'chikhodzodzo. Katsetserekera mu heniyamu n'kupindika. Sizichitikachitika. Impso yakumanzereyi ndi yofooka kale ndi matenda a shuga, ndiye tikataya iyi, bambowa adzakhalira makina otsuka magazi." Nditamuuza za chubu chija, anangovula magalasi n'kupukusa mutu. Za mizu ananena mwachidule kuti impso yodwala siisenzetsa katundu wosadziwika.

Anayamba ndi kuthana ndi kutentha thupi. Kenako analowetsa kapulasitiki kowonda m'kapaipi kaja kuti mkodzo uzidutsa, komanso kuti pong'amba adzakazindikire msanga. Namwino anandiuza kuti akanangothamangira kung'amba ngati heniya wamba, akanatha kukadula osadziwa. Opaleshoni inalephereka kamodzi chifukwa kunabwera anthu a ngozi yapamsewu, ndipo bambowo anasala chakudya pachabe. Ulendo wachiwiri analowa. Anabwezera kapaipiko pamalo pake, n'kutseka pofookapo ndi kaneti.

A pa bawo sanabwere ngakhale mmodzi. Alamu anabwera tsiku lotsatira ndi kontena ya nyama yonona, mchere ngati wa m'matemba. Namwino anaitsegula, nalawa msuzi, n'kufunsa kuti wodwalayu wakhala akudya zotere kwa nthawi yaitali bwanji. Anaibweza, ndipo alamu anatuluka nayo m'manja. Mawu oti pepani sindinawamve kwa alamuwo mpaka lero, ndipo ndinasiya kuwadikira.

Kapulasitiki kaja anakachotsa patapita milungu ingapo. Panopa bambo a Tiya anabwerera ku ntchito, mapazi anaphwa, nsapato zikulowa. Impso inapulumuka, koma siinabwerere mwakale. Dokotala akuti mbali ina inafa pa miyezi imene tinataya ija, ndipo azipita kukayezetsa moyo wawo wonse.

Abambo, mukaona chotupa m'mphechepeche, makamaka msana ukamawawa kapena mkodzo ukasintha, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Amayi, akakunenezani, musataye nthawi kudziyeretsa ngati mmene ndinachitira ine. Nyamulani munthu wanuyo kaye.

Tsiku lotuluka, dokotala anafunsa kuti amaphika ndani kunyumba. Alamu anali pomwepo. Bambo a Tiya anakweza maso, koyamba pa nkhani yonseyi, nati, "Akazi angawa. Wina aliyense asadzathirenso mchere m'ndiwo zanga."