Kaundula wa a Kamtedza ndi mwendo wa bambo anga

Miyezi khumi ndi inayi tsopano bambo anga akudikira chipukuta misozi cha mwendo wawo. Khumi ndi inayi. Mwana wa mng'ono wanga amene anabadwa sabata imene bambo anavulala pano akuyenda, agogo ake akadali pamkeka. Ndakhala chete nthawi yonseyi chifukwa bambo sakonda kuti za pakhomo zizimveka kunja, koma lero ndilemba. Inu amene mumandidziwa pamsika wa kaunjika pa Mponela mwakhala mukundiona ndikutseka benchi pakati pa sabata. Kumene ndimapita ndi kumeneku.

Bambo anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi kwa kontilakita wina wokonza misewu ya fumbi m'mapiri a ku Ntchisi. Kukumba ngalande, kukwirira maenje, kuika makalavati. Lachiwiri lina m'mawa ankatsitsa mapaipi a simenti pa lole, pamalo otsetsereka. Chingwe chinaduka. Paipi inagubuduka n'kuwapsinja mwendo wakumanzere. Anzawo anathamangira nawo kuchipatala cha mishoni pa lole yomweyo, ndipo patapita masiku asanu ndi limodzi madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Anagonekedwa milungu isanu. Gadiyani ndinali ine. Mayi anatsala kumudzi ndi ana atatu a malemu achimwene.

Potuluka, adokotala anatiuza poyera kuti mwendo wochita kupanga ulipo mu mzinda, koma tisachedwe. Munthu akakhalitsa pansi bondo limapindika n'kuuma, ndiye ngakhale ndalama itapezeka mwendowo sulowanso. Munda wa bambo uli paphiri. Ndodo sizikwerako. Ndiye chimene tikulirira si chuma ayi, ndi mwendo woti bambo aimirire nawo m'munda mwawo bondo lisanaume.

Tsopano mvetserani za a Kamtedza, kapitawo wa gulu la bambo. Ndi munthu wamkulu, wa imvi, wakhala pa ntchitoyi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Malipiro a gululo ndi a pa tsiku: ukapanda kubwera, sulandira. Ndiye iwo ali ndi kachitidwe kawo kuyambira kalekale. Wina akadwala kapena akagwa m'maliro, anzake amagawana ndime yake, kapitawo n'kumuchonga m'kaundula kuti wabwera. Msewu umatha, palibe amene wagona ndi njala. Bambo anga akumbirapo anzawo kangapo konse. Itafika nthawi yawo, anzawo anawakumbira milungu isanu yonse, a Kamtedza akuchonga tsiku ndi tsiku. Mwezi utatha anabwera okha pa njinga kudzapereka envelopu kwa mayi. Ndalama imeneyo ndi imene inagula chimanga, ina tinalipira kuchipatala. Fomu ya ngozi analembanso ndi iwo omwewo, sabata yomweyo. Palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anaganiza kuti pali cholakwika.

Ulendo woyamba ku ofesi yoona za chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito ndinafika 7:40 m'mawa. Chitseko chinatsegulidwa 9:15. Mayi wa pa desiki anandiuza, maso ali pa foni, kuti ndibweretse kalata ya kuchipatala, chiphaso cha bambo, ndi fomu ya dokotala yonena kuti thupi lawonongeka motani. Chilichonse mafotokope atatu. Ndinabweretsa. Anati mwini wake azionekera yekha.

Kuchokera kwathu kufika ku boma, njinga yamoto ndi K9,000, kubwereranso chimodzimodzi. Bambo tinawamangirira kwa woyendetsa ndi chitenje changa kuopa kuti angagwe m'makhotamo. Titafika, mukudziwa chimene tinapeza? Masitepe asanu ndi awiri. Ofesi ya anthu ovulala, masitepe asanu ndi awiri, popanda ndi pogwira pomwe. Bambo anayesa ndi ndodo, zinakanika. Anakhala pansi n'kukwera chafutambuyo ndi manja, sitepe imodzi imodzi, jekete lawo la kutchalitchi likukhwekhwereka m'fumbi. Ine ndinanyamula ndodo, ndikuyang'ana kumbali kuti asaone kuti ndikulira. Titafika pamwamba anatiuza kuti abwana ali ku semina, tibwere Lachinayi la sabata yamawa.

Ulendo wachinayi, fayilo yapita ku likulu. Wachisanu, fayilo sinapite, ndani anakuuzani kuti yapita? Wachisanu ndi chimodzi, netiweki palibe. Wachisanu ndi chiwiri anati pafunika kuti akafufuze kumene kunachitika ngozi, koma galimoto ilibe mafuta, ndipo ena amene amafuna kuti zawo ziyende amathandizako. Ndinathandizako K25,000, mpamba wa belo langa. Lisiti? Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndipo pamalo pa ngozi sanafikepo. Anapita ku ofesi ya kontilakita n'kutenga kaundula basi.

Ulendo wachisanu ndi chinayi ndi umene tinawapeza abwanawo, bambo ali pomwepo. Munthu wolankhula mofatsa, waulemu wake ndithu. Anatambasula mapepala awiri patebulo. Lina la kuchipatala, losonyeza kuti bambo anagonekedwa milungu isanu. Lina la kaundula, losonyeza kuti milungu isanu yomweyo bambo anali pamsewu tsiku lililonse.

"Mayi, bambo anuwa alipo awiri?" anandifunsa.

Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera pano. Anamvetsera, akugwedeza mutu. Kenako anati akumvetsa, nawonso ndi Mmalawi, koma fayilo yotsutsana yokha singapite patsogolo. Bambo anamasula pini imene amamangira mwendo wa buluku, n'kupinda bulukulo mpaka pabondo.

"Bwana, kaundula akuti ndinali pamsewu. Nanga apa pakuti bwanji?"

Abwanawo sanayang'ane n'komwe. "Bambo, phimbani. Ife sitigwira ntchito ndi miyendo, timagwira ndi mapepala."

Anati njira ndi imodzi yokha: kapitawo alembe kalata yovomera kuti ankachonga munthu amene kunalibe. Ndinafunsa ngati kalatayo siwaika a Kamtedza m'mavuto. Anati ayi, ndi yongoika m'fayilo kuti mapepala agwirizane, siituluka m'chipinda chimenecho. Ndinafunsanso kachiwiri. Anabwereza zomwezo. Ndipo anawonjezera kuti mwezi ukatha kalatayo isanabwere, fayilo aitseka.

Tikudikira njinga panja, bambo anandiuza mawu amene mpaka lero akundilira m'makutu. "Esinati, ufa umene anadya mayi ako ndi ana aja unachokera m'kaundula ameneyo. Kwa a Kamtedza usapiteko."

Ndinavomera. Koma masiku amenewo ndinkaona bondo lawo. M'mawa mayi akamawathandiza kuliwongola monga anatiphunzitsira kuchipatala, silinkafikanso pamene linkafika kale. Bambo ankaluma mano, osadandaula. Mwezi unali kutha. Ndinadziuza kuti abwana aja alonjeza kawiri, munthu wamkulu wa mu ofesi sanganame pamaso pa wolumala. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinauza mayi kuti ndikukaona mnzanga, ndinapita kwa a Kamtedza.

Anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Ndinawafotokozera zonse. Kenako analowa m'nyumba, anatuluka ndi pepala lothothola pakati pa kope, n'kulemba atatsamiritsa pabondo. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu. Atasaina anandifunsa funso limodzi lokha.

"Mwana wanga, anakutsimikizira kuti izi sizifika kwa mabwana anga?"

Ndinati eya, ananditsimikizira kawiri. Akazi awo anali ataima pakhomo, akutiyang'ana.

Kalata ndinakapereka Lolemba, 8:30 m'mawa. Lachisanu la sabata yomweyo a Kamtedza anachotsedwa ntchito. Masiku anayi. Ofesi imene inatha miyezi itatu kufunafuna fayilo imene inali m'kabati mwawo momwemo, ofesi yopanda mafuta, yopanda netiweki, inapeza galimoto yokatula kalata ija kwa kontilakita m'masiku anayi. Zaka makumi awiri ndi chimodzi zinathera pomwepo. Ndalama yawo yopumira ntchito anaigwira, ndipo anawauza kuti akachita makani nkhani ipita kupolisi.

Lolemba lotsatira ndinali pa ofesi paja chitseko chisanatsegulidwe. Ndinawafunsa abwana aja chifukwa chimene anandinamizira. Anati sananame, kungoti atawerenga kalatayo anaona kuti ndondomeko ikufuna kuti olemba ntchito adziwitsidwe. Kodi ndondomekoyo inabadwa Lolemba limenelo? Pamene munkandilonjeza munali musanaiwerenge? Anati ndisakweze mawu, ino ndi ofesi.

Ndinameza. Ndinati chabwino, zachitika, nanga bambo alandira liti? Anamwetulira, akuti pamenepo pali nkhani yabwino: fayilo tsopano ili bwinobwino, yavomerezedwa. Kungoti thumba la chipukuta misozi pakadali pano ndi louma, akudikira ndalama kuchokera ku likulu. Bambo alowa pa mndandanda, ndipo patsogolo pawo pali anthu amene anavomerezedwa kale zaka zapitazo. Ndiponso ikadzabwera adzachotsapo malipiro a milungu isanu ija, poti bambo anawalandira molakwika. Ndinafunsa kuti mwina liti. Anati iwo si mneneri.

Ndiye kuti pamene ankandithamangitsa kuti mwezi ukutha, ankadziwa kale kuti m'thumbamo mulibe kanthu. Ndinakhala pa benchi ya panja n'kulira ngati pamaliro, anthu akudutsa. Sindichita manyazi kunena.

Bambo anamva kwa mnzawo wina wa m'gulu lija. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. M'mawa mwake anavala jekete, anatenga ndodo, anauza mayi kuti akupita kwa a Kamtedza. Ndinati ndiitane njinga yamoto, ndilipira ndine. Anangonyamuka. Ulendo umene munthu wa miyendo iwiri amayenda mphindi makumi anayi, iwo anayenda maola atatu, kutsetsereka, kuwoloka dambo, kukwera. Anagwa kawiri. Ine ndinkatsatira chapatali, ndipo ndikayandikira kuti ndiwadzutse ankandikankha ndi chigongono.

Titafika, akazi a a Kamtedza anali akusenda mtedza pakhonde. Sanatulutse mpando kapena mkeka. Anangofunsa ngati tabwera kudzaona chimene akudya masiku ano. Bambo anakhala pansi pa dothi, anavula chipewa, m'khwapa mukutuluka magazi chifukwa cha ndodo. Kenako a Kamtedza anatuluka. Bambo anga, amene sanalire tsiku limene anadzuka n'kupeza mwendo palibe, analira pakhomo pa eni ake. A Kamtedza anakhala nawo pansi pomwepo.

"A Phiri, musamuimbe mlandu mwanayu. Cholembera ndinagwira ndekha."

Anakhala choncho nthawi yaitali, amuna awiri akuluakulu pa dothi. Ine palibe amene anandiuza kuti ndikhale kapena ndichoke.

Papita milungu itatu. Bambo sandilankhula. Ndikawapatsa moni amayang'ana kumbali, chimene akufuna amauza mayi. Mlandu wanga ndikuudziwa ndipo ndiusenza ndekha. Koma inu a mu ofesi ija, ndili ndi mafunso, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu muwerenga izi. Ngati thumba ndi louma, bwanji simunatiuze tsiku loyamba, tisanathe ndalama m'njira? Ndalama za thumbali zimalowa liti, zimatuluka liti, amaziona ndani? Za semina zimachokera thumba lina? K25,000 yanga ya mafuta inalembedwa m'buku liti? Mndandanda umene mukunenawo, bwanji simuupachika pakhoma kuti aliyense aone pamene ali? Ndipo kalata ija, amene analamula kuti ituluke m'chipinda chija ndani? Ndikufuna dzina lake.

Inu amene mumagwira ntchito m'magulu, m'misewu, m'maesiteti, pa zomangamanga, mverani kwa ine. Mnzanu akavulala musamuchonge m'kaundula. Sonkhani m'matumba mwanu, mupatseni pamanja. Ndipo wa mu ofesi akakulonjezani kanthu, muuzeni alembe, asaine, adinde. Akakana, nyamukani.

Dzulo mayi anayesa kuwongola bondo la bambo. Lakana. Mvula ili pafupi, munda wa paphiri uja sunagalauzidwe, ndipo ndalama ija ngakhale itabwera mawa sindikudziwa ngati mwendo ungalowenso. Bambo anga ataya mwendo. A Kamtedza ataya ntchito ndi ukalamba wawo womwe. Ine ndataya bambo ali moyo. Inu abwana, pa fayilo yanu ili bwinobwinoyo, mwataya chiyani?