Mbewu ya Amayi Inkakhala mu Utsi

Amayi ankasunga mbewu yawo m'khitchini yaudzu, kumudzi kwathu kufupi ndi Kasisi. Akakolola ankasankha chimanga chachikuluchikulu, n'kuchimanga ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kudenga pamwamba pa moto. Chinali gankata, chimanga chamakolo chimene anachitenga kwa amayi awo pokwatiwa. Chinkada bii ndi mwaye, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake chinkakhala pamenepo.

Ine ndimakhala ku Silverest, ntchito ndimagwira ku Lusaka. Ntchito yake ndi ya misonkhano yokambirana zothetsa njala padziko lonse, ndipo pamisonkhanoyo timadya bwino zedi. Kumeneko ndinamva kuti utsi wa nkhuni ukupha amayi akumudzi. Anganso ankatsokomola chaka chonse. Ndinapita ndi amisiri Loweruka lina, tinagwetsa khitchini ija, n'kumanga ya njerwa ndi malata, ya chumuni chotulutsa utsi wonse panja. Ndinajambula zithunzi, anzanga kuntchito anandiyamikira.

"Manje mbeu izankala kuti?" anandifunsa amayi.

"Pamwamba pomwepo, amai. Nakhomako misomali."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso amisiri aja. Mwana wophunzira amene wakumangira nyumba sumutsutsa pamaso pa amisiri. Anapachika mbewu yawo pamisomali yanga.

Chaka chimenecho mvula inali itadula chimanga chisanakhwime. Anthu m'mudzimo anadya chilichonse, ndi mbewu yomwe. Amayi anakana. Ankagona ndi phala la ufa umene ndinkawatumizira, koma chimanga chakudenga sanachikhudze. Anawonda mpaka chitenje ankachizunguliza kawiri.

Mitambo itayamba kusonkhana ndinapita kukawathandiza kutong'ola mbewu. Ndinakwera pampando, n'kutsitsa mtolo woyamba. Unali wopepuka ngati udzu. Nditasenda makoko, fumbi loyera linathothoka m'manja mwanga, anankafumbwe ali yakaliyakali. Njere iliyonse inali ndi bowo. Utsi umene ndinauthamangitsa uja ndi umene unkawaletsa zaka zonsezi.

Amayi anakhala pansi n'kuyamba kusankha njere imodziimodzi m'lichero. Anasankha mpaka dzuwa kupendeka. Zimene zinkaoneka zamoyo sizinadzaze ngakhale kapu. Anazibzala kuseri kwa nyumba, sizinamere. Tinayenda m'midzi mpaka kutali kufunsa gankata, koma aliyense anali atadya yake.

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo sanandichoke. Tsopano chaka chilichonse amayi amadikira ine kuti ndiwabweretsere mbewu ya m'sitolo, ija yopaka mankhwala ofiira, imene ukaibzalanso chaka chachiwiri imabereka mwaulesi. Chaka chatha ndinachedwa nayo chifukwa cha msonkhano, mvula yoyamba inawadutsa khasu lili m'manja.

Tsiku limene ndinafika nayo ndinawapepesa za khitchini ija, kwa nthawi yoyamba. Analandira phukusilo ndi manja awiri, monga amalandirira chinthu kwa mlendo.

"Osadandaula, mwana wanga," anatero. "Chifuwa chinasila, sinitsokomolanso."