Kapu ya Mzere Wofiira

Ndinaganiza zochoka ku Lunzu mu 2002, chaka chimene mng'ono wanga Tiyamike anabwerera pakhomo pa amayi mwamuna wake atamwalira. Aliyense ndinkamuuza kuti ndikupita ku Mangalande chifukwa malipiro a unamwino sankakwana, ndipo silinali bodza. Koma chifukwa china ndinachibisa. Tiyamike anali ataonda moti diresi linkangolendewera, anthu akunong'onezana za matenda a masiku ano, ndipo ine ndinkadziwa kuti ntchito yomusamalira igwera namwino wa pakhomopo. Ndinachita mantha. Tsiku lina ndinatenga kyutekisi wofiira, uja wopaka m'zikhadabo, n'kulemba mzere pa kapu yake ya pulasitiki kuti isasakanikirane ndi makapu athu. Ine yemweyo amene kuchipatala ndinkaphunzitsa anthu kuti kachilombo sikadzera m'kapu. Tiyamike anayang'ana mzerewo, n'kumwa madzi ake.

Ku London ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham. Moyo unali wa basi: basi popita, basi pobwera, kenako kachipinda kanga. Kuphikira munthu mmodzi kunkandigwetsa ulesi, choncho ndinkangogula tchipisi ndi nkhuku yokazinga pakona, n'kumadyera pabedi wailesi yakanema ikundilankhula. Thupi linabwera, ndipo ndinanyada nalo. Ndinkajambulitsa n'kutumiza zithunzi kumudzi.

"Ee, Esinati mwana wanga, masaya atuluka!" amayi anatero pafoni. "Ndaonetsa amayi onse a kutchalitchi kuti aone mmene zikukuyendera."

Za Tiyamike ndinkafunsa kumapeto, khadi ya foni itatsala pang'ono kutha, kuti yankho lisatalike. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndikudzinamiza kuti kumeneko ndiye kusamala m'bale.

Mu Okutobala 2005 ndinachita chizungulire ndikunyamula gogo wina pabedi. Dokotala anati magazi akuthamanga kwambiri, shuga nayenso wayamba. Anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti ndiziyenda pansi tsiku lililonse. Ndinaseka chamumtima. Kwathu munthu amayenda pansi chifukwa alibe ya minibasi. Mayi wamkulu wongoyenda popanda kopita, anthu amati mutu wayamba kusokonekera.

Amene anandikoka anali Mutinta, mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira naye ntchito. Mayi ameneyu sadziwa kunyengerera.

"Imwe ba Esinati, muzafa na shuga," anatero. "Shift ikasila, vala ma trainers tiyende ku Greenwich. Sinifuna ma excuse."

Inali nyengo imene mitengo ya kumeneko imayoyola masamba, kunja kukuyamba kuzizira, dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Udzu wa m'paki ya ku Greenwich unali utakwiririka ndi masamba ofiira ndi achikasu, oterera chifukwa cha mvula yowaza. Pa kaphiri ka pamenepo ndinaima katatu, ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Agogo ena achizungu a ndodo, ali ndi kagalu kawo, anatipitirira n'kutipatsa moni. Manyazi anandigwira, ndipo mwina ndi manyaziwo amene anandibwezanso mawa lake. Tinayenda nyengo yonseyo, mphepo ya kumtsinje wa Thames ikutiluma makutu. Pofika nyengo yoyoyoka masamba ya chaka chotsatira, kaphiri kaja ndinkakwera ndikucheza, dokotala atachepetsa mankhwala, masiketi onse atakula.

Lamulungu lina kutchalitchi ku Peckham, mayi wina wa kwathu anandigwira dzanja nthawi yaitali, maso ali pakhosi panga.

"Sister, mwaluza weight kwambiri. Are you okay? Tikukupemphererani."

Ndinadziwa chimene ankatanthauza, popeza maso amenewo ndinali nditamuyang'ana nawo munthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kutumiza zithunzi kumudzi.

Ndinabwerera kwathu mu Okutobala 2007, dzuwa likuswa mtengo. Amayi atandiona ndikutsika galimoto, nthungululu inawathera pakamwa. Anandikumbatira, manja awo akuwerenga nthiti zanga. Oyandikana nawo anabwera kudzalonjera, ndipo ine ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma: za dokotala, za paki, za kaphiri. Ankangogwedeza mitu.

"Eya, tamva. Mulungu ndi wamkulu."

Palibe anakhulupirira. Ndani angapite ku Mangalande n'kukaonda mwadala?

Alendo atabalalika ndinapempha madzi. Amayi analowa m'nyumba, ndinamva akusuntha ziwiya pansi pa kabati. Anatuluka ndi kapu ya pulasitiki yakale, mzere wofiira utafufuma koma ukuonekabe.

"Amayi, kapu imeneyi?"

"Usakwiye, mwana wanga. Unatiphunzitsa ndiwe, iwe namwino."

Ndinaigwira kapuyo. Nthawi yomweyo pageti panalowa mayi wojintcha, dengu la tomato pamutu, fumbi la kumsika lili m'miyendo. Sindinamuzindikire mpaka ataseka. Anali Tiyamike. Mankhwala otalikitsa moyo anali atamudzutsa, ndipo tsopano ankayenda pansi kupita kumsika wa Lunzu ndi kubwerako tsiku lililonse, mtunda woposa uja ndinkadzitama nawo ku Greenwich. Zonsezi zinachitika ine ndikufunsa za iye khadi ikutha.

Anatula dengu, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana kapu ija. Anailanda m'manja mwanga, anamwa theka, n'kundibwezera.

"Imwani, achemwali," anatero. Anakhala pafupi nane pakhonde, phewa lake likukhudza langa, n'kutsitsa mawu. "Musaope. Mugona kuchipinda kwanga. Mawa tipitira limodzi kuchipatala, pamzere ndikakuimirirani ndine. Masiku oyamba mankhwala amavuta, koma phala ndizikuphikirani."

Nayenso ankaganiza kuti ndikudwala. Ndipo zimene anakonza mu mphindi imodzi ndi zomwe ine ndinathawa, mpaka kuwoloka nyanja.

"Tiya, sindikudwala," ndinatero. "Ndi kuyenda pansi basi. Zoonadi."

Anandiyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti wandikhulupirira, iye yekha pakhomo ponse.

"Nanga mukulira chiyani?"

Ku London ndinali nditaphunzira kukwera phiri osapuma, koma pakhonde la amayi mawu amodzi oti pepa anandilemera. Ndinakweza kapu ija, mlomo wanga pa mzere womwe ndinalemba ndekha, ndipo ndinamwa madzi amene mng'ono wanga anandisiyira.